Zolemba za ntchito: kufufuza nambala 4,294,967,297

Lolemba

Ntchito yomwe ndayamba ndi yolemba tsamba lofotokoza nambala imodzi yokha: 4,294,967,297. Ndikufuna kuti munthu amene anaphunzira masamu a ku sekondale, atangokhala ndi kope ndi cholembera, athe kutsimikiza yekha chilichonse cholembedwa pa tsambalo. Choncho ndadziikira lamulo lakuti mfundo iliyonse izibwera ndi njira yoiyesera. Yomwe ilibe njira yotere idikire kaye, ngakhale itakhala yoona.

Nambalayi ndi 2^32 + 1, kutanthauza ma 2 okwana 32 ochulukitsidwa pamodzi, n'kuwonjezerapo 1. Ili m'banja la nambala za Fermat, zomwe zimayamba 3, 5, 17, 257, 65,537. Kuti upeze yotsatira umachotsa 1 pa yomwe uli nayo, kuchulukitsa chotsalacho ndi icho chomwe, n'kubwezerapo 1 uja. Ndiye yathuyi ndi 65,536 × 65,536 + 1. Zisanu zoyambirirazo ndi ma prime, nambala zomwe sizigawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe. Mu 1640 Pierre de Fermat analemba m'kalata kuti akukhulupirira kuti zonse za m'banjali ndi ma prime, koma anavomereza kuti umboni wokwanira analibe. Yachisanu ndi chimodzi, yomwe imatchedwa F5 poti kuwerenga kumayambira pa F0, ndiyo inagwetsa ganizolo pamene Leonhard Euler anaigawa mu 1732.

Lero ndangothana ndi zapafupi. Ili ndi madijiti 10, ndipo ukawawonkhetsa amakwana 59. Ukaigawa ndi 3 pamatsala 2, ndi 7 pamatsala 5, ndi 9 pamatsala 5, ndi 11 pamatsalanso 5. Imathera ndi 7 ngati 17, 257 ndi 65,537, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: nambala yothera ndi 6 ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imatheranso ndi 6, ukawonjezera 1 n'kukhala 7. Ikalembedwa mu binary, momwe kompyuta imawerengera, ndi 1, maziro 31, kenako 1.

Lachitatu

Funso lalikulu ndi lakuti 641 anachokera kuti. Kompyuta imampeza m'kuphethira kwa diso. Umangoiuza kuti iyese ma prime onse osapitirira 65,536, omwe alipo 6,542, ndipo ikafika pa wa nambala 116 imaima n'kunena kuti 641 × 6,700,417. Koma zimenezi sizifotokoza kanthu. Euler analibe makina, ndipo sanayese ma prime onse mmodzimmodzi. Ndikufuna owerenga aone momwe iye anachepetsera ntchitoyo, chifukwa kwa ine apa mpomwe pali mtima wa nkhani yonse.

Ndalemba motere. Tinene kuti p ndi prime yemwe amagawa nambala yathu. Ndiye kuti 2^32 ukamugawa ndi p pamatsala p − 1, poti kungowonjezera 1 kumakwanitsa kugawako. Ukachulukitsa chotsalachi ndi icho chomwe umapeza kuti 2^64 amasiya 1. Zotsala za 2, 4, 8, 16 ndi kupita m'tsogolo zimayenda mozungulira, zikafika pa 1 n'kuyambiranso. Utali wa kuzungulirako uyenera kulowa mu 64 popanda chotsala, koma sungalowe mu 32, popeza pa 32 sitinapeze 1. Wotsala ndi 64 yekha. Tsono pali lamulo lina la Fermat yemweyo lonena kuti 2^(p − 1) amasiya 1 ukamugawa ndi prime p aliyense woposa 2, kotero 64 ayenera kulowa mu p − 1. Mapeto ake, p ndi 64k + 1, pomwe k ndi nambala yathunthu ngati 1, 2, 3.

Mndandanda umafupika nthawi yomweyo: 65, 129, 193, 257, 321, 385, 449, 513, 577, 641. Mwa izi ma prime ndi 193, 257, 449, 577 ndi 641 basi. Kuyesa kasanu, m'malo mwa ka 116. Chida chomwe chinathetsa ganizo la Fermat chinali chake chomwe, ndipo nthawi zonse ndikafika pamenepa ndimachita nazo chidwi.

257 safunikanso kuyesedwa. Chulukitsani 3 × 5 mupeza 15, ndi 17 mupeza 255, ndi 257 mupeza 65,535, ndi 65,537 mupeza 4,294,967,295. Nambala yathu imaposa imeneyi ndi 2, kotero ukaigawa ndi iliyonse ya zisanuzo pamatsala 2. Christian Goldbach analembera Euler mfundoyi mu 1730: nambala ziwiri zilizonse za m'banjali zilibe prime yemwe amazigawa zonse ziwiri.

Édouard Lucas anasonyeza mu 1878 kuti lamuloli limalimba kuposa apa, kuti p ndi 128k + 1. Ndikulifuna kwambiri, koma umboni womwe umaperekedwa kawirikawiri umadalira masamu omwe wophunzira wa ku sekondale sanakumanepo nawo. Ndaliika pambali ndi chizindikiro chakuti silinalowe.

Lachinayi

Njira ziwiri zotsimikizira 641 pamanja, popanda kugawa nambala ya madijiti 10.

Yoyamba ndi yochulukitsa nambala ndi iyo yomwe mobwereza, n'kumangosunga chotsala. 2, 4, 16, 256, 65,536. Pano tigawe ndi 641: 641 × 102 ndi 65,382, pamatsala 154. Tsono 154 × 154 ndi 23,716, pomwe 641 × 37 ndi 23,717. Kuperewera ndi 1 yekha, ndipo 1 ameneyo ndi uja ali kumapeto kwa 2^32 + 1. Mizere inayi m'kope, nkhani yatha.

Yachiwiri ndi yokongola kwambiri. 641 amalembeka pawiri: 5 × 128 + 1, komanso 625 + 16. Kulemba koyamba kukutiuza kuti 5 × 2^7 ndi chimodzimodzi −1 tikamawerenga zotsala za 641, ndiye tikachulukitsa kanayi 5^4 × 2^28 ndi 1. Kwachiwiri kukutiuza kuti 5^4 ndi chimodzimodzi −2^4. Kulowetsa ichi m'chinacho kumapereka kuti −2^32 ndi 1. Ndiika zonse ziwiri, koma yoyamba patsogolo. Yachiwiriyi imasangalatsa amene akudziwa kale yankho, pomwe yoyamba munthu angaigwiritse ntchito pa 193, 449 ndi 577 n'kuona yekha zikukana.

Loweruka

Kugawa sikunathe ngati sitinatsimikize kuti 6,700,417 nayenso ndi prime. Mabuku ambiri amangonena osaonetsa. Chabwino n'chakuti prime aliyense womugawa iye amagawanso F5, ndiye lamulo lomwe lija likugwira ntchito. 2,589 × 2,589 ndi 6,702,921, yomwe yapitirira, kotero tingofufuza mpaka 2,588. Ndi lamulo la Lucas oyesedwa ndi 129, 257, 385 mpaka 2,561, onse pamodzi 20, ndipo ma prime mwa iwo ndi asanu: 257, 641, 769, 1,153 ndi 1,409. 257 tamuchotsa kale. Enawo ndawagawa pamanja:

641 × 10,453 = 6,700,373, pamatsala 44
769 × 8,713 = 6,700,297, pamatsala 120
1,153 × 5,811 = 6,700,083, pamatsala 334
1,409 × 4,755 = 6,699,795, pamatsala 622

Palibe walowa, choncho 6,700,417 ndi prime. Iye mwini ndi 128 × 52,347 + 1, monga lamulo likufunira. Kugawa kanayi kokha pa nambala ya madijiti 7! Koma zonsezi zatsamira pa 128k + 1 yemwe sindinamupezere umboni wosavuta. Ndi 64k + 1 oyesedwa amakhala 40, zomwe n'zotheka ndithu, koma tebulo limatalika ndipo owerenga ambiri angalidumphe.

Sabata yotsatira, Lachiwiri

Tsopano magulu omwe nambalayi imalowamo. Ukangodziwa ma prime ake awiri, ambiri amangotuluka okha.

Nambala zoigawa ndi zinayi: 1, 641, 6,700,417 ndi iyo yomwe. Ndi semiprime, poti yapangidwa ndi ma prime awiri, ndipo palibe prime wobwerezedwa. Zoigawa zonse pamodzi zimakwana 642 × 6,700,418, yomwe ndi 4,301,668,356. Ukachotsapo iyo mwini pamatsala 6,701,059, kochepa kwambiri poyerekeza ndi mabiliyoni anayi, ndiye ili m'gulu la nambala zoperewera, zotchedwa deficient, kutali ndi nambala ngati 6 kapena 28 zomwe zozigawa zake zimakwana ndendende. Nambala zocheperapo zomwe zilibe chogawa izo ndi iyo yomwe, kupatula 1, zilipo 640 × 6,700,416, kapena kuti 4,288,266,240. Chiwerengero chimenechi chimatchedwa phi ya Euler ndipo chibweranso pa nkhani ya zojambula.

Prime woyandikana nayo kumunsi ndi 4,294,967,291 ndipo kumtunda ndi 4,294,967,311. Izi n'zoona, koma kuzitsimikiza kumafuna makina, ndiye zapita ku gawo lapadera lomwe ndatsegula kumapeto kwa tsamba, la mfundo zofuna kompyuta.

Pali magulu ena omwe ndawakana. Alipo mayina a nambala zomwe madijiti ake amawonkhetsa mwakutimwakuti, zomwe zimawerengeka mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, zomwe zili ndi ma 1 awiriawiri mu binary. Munthu angadzaze tsamba lonse ndi mayina otere, koma ambiri amanena za kalembedwe kathu, osati za nambalayo. 59 uja amachokera ku chizolowezi chathu chowerenga m'makumi. Ukasintha kawerengedwe amasowa, pomwe 641 amakhalapobe. Ndasunga maonekedwe a mu binary okha chifukwa amaonetsa 2^32 + 1 ndi maso. Sindikunyoza amene amasonkhanitsa mayinawa, koma mndandanda wa magulu 30 oikidwa mofanana umapangitsa wophunzira kuganiza kuti onse ndi olemera chimodzimodzi, zomwe si zoona.

Lachisanu

Lero linali la pulogalamu, ndipo pali zambiri.

Pali mayeso odziwika ofufuzira ngati nambala n ndi prime: werengera 2^(n − 1), ugawe ndi n, uone chotsala. Chikakhala china osati 1, n si prime. Chikakhala 1, mwina ndi prime. Nambala yathu imadutsa mayesowa bwinobwino. Taona kale kuti 2^64 amasiya 1, ndipo n − 1 ndi 2^32, yemwe 64 amalowamo popanda chotsala. Ndiye imaoneka ngati prime pomwe si prime, ndipo zotere zimatchedwa pseudoprime. Nambala iliyonse ya m'banja la Fermat imadutsa mayeso a 2 pa chifukwa chomwechi, kaya ndi prime kaya ayi.

Ndinafuna kuona momwe zimakhalira m'makina okhala ndi malire, ndiye ndinalemba kapulogalamu mwadala m'chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa C. M'malo osungira a mabiti 32, kutanthauza madijiti 32 a binary, nambala yaikulu kwambiri yomwe imakwana ndi 4,294,967,295. Yathu imaposa ndi 2, ndipo ukaikakamiza imazungulira n'kukhala 1. Izi ndinkaziyembekezera. Chosangalatsa chili pa mabiti 64. Kuchulukitsa kumayenda 2, 4, 16, 256, 65,536, 4,294,967,296, ndipo yotsatira ndi 2^64, yomwe ndi 18,446,744,073,709,551,616. Malire a mabiti 64 ndi nambala yomweyi, koma yothera pa 615 kumapetoko. Kuposa ndi 1 yekha. Makina amalemba 0, ndipo kuchokera pamenepo zonse ndi 0. Pulogalamu imanena kuti chotsala si 1, choncho nambalayi si prime. Yankho ndi loona, koma njira yake ndi yabodza, ndipo munthu wongoyang'ana yankho sangadziwe kuti china chake chasweka m'kati. Chitsanzochi chilowa pa tsamba. Mu Python, chiyankhulo china cha kompyuta, vutoli kulibe poti nambala zimakula mopanda malire, ndipo kumeneko chotsala chimatuluka 1 monga chiyenera.

Mayeso oyenera banjali ndi a Théophile Pépin, a mu 1877, omwe amagwiritsa 3 m'malo mwa 2. Umayamba ndi 3 n'kumachulukitsa chotsala ndi icho chomwe: 9, 81, 6,561, 43,046,721, mpaka ka 31. Nambalayo ikakhala prime, chomaliza chimayenera kukhala n − 1. Pa yathu chimatuluka 10,324,303. Ukachulukitsanso kamodzi umapeza 3,029,026,160, osati 1, ndipo mzere womalizawu ndautsimikiza pamanja. Mayesowa amangokuuza kuti nambala ndi yogawika, sakuuza choigawa. N'chifukwa chake F20 ndi F24, nambala zina za m'banja lomweli, zimadziwika kuti si ma prime ngakhale palibe amene wapeza nambala yozigawa.

Lamlungu

Umboni wa 128k + 1 wapezeka, ndipo ndi waufupi moti ukwana m'ndime imodzi. Tengani r = 2^24 − 2^8, yemwe ndi 16,776,960. Mukamuchulukitsa ndi iye yemwe mupeza 2^48 − 2 × 2^32 + 2^16. Powerenga zotsala za p, 2^32 ndi −1, ndiye 2^48 ndi −2^16, yemwe amafafanizana ndi 2^16 wakumapetoyo, ndipo chapakaticho chimasanduka 2. Choncho r × r ndi 2. Apa r^64 ndi 2^32, yemwe ndi −1, ndipo r^128 ndi 1. Maganizo omwe aja a Lachitatu, koma kuzungulira kwa r n'kotalika 128, kotero 128 amalowa mu p − 1. Palibe chofunika kuposa kuchulukitsa mabulaketi awiri. Tebulo la Loweruka tsopano laima pa maziko ake, ndipo mndandanda wa Euler watsala 257 ndi 641, kutanthauza kuti 641 ndi woyamba kuyesedwa.

Lachitatu

Masikweya. Nambala yathu ndi 65,536^2 + 1^2, zoonekeratu. Koma ma prime ake onse awiri ndi a mtundu wa 4k + 1, ndipo aliyense wotere amalembeka ngati masikweya awiri owonkhetsedwa: 641 ndi 25^2 + 4^2, pomwe 6,700,417 ndi 2,556^2 + 409^2. Awiriwa amalumikizika m'njira ziwiri. 25 × 2,556 ndi 63,900, ndipo 4 × 409 ndi 1,636. Kuwonkhetsa kumapereka 65,536, kuchotsera kumapereka 62,264. Mbali inayo 25 × 409 ndi 10,225, ndipo 4 × 2,556 ndi 10,224. Kuchotsera kumapereka 1, kuwonkhetsa 20,449. Ndiye palinso kulemba kwachiwiri:

62,264^2 + 20,449^2 = 3,876,805,696 + 418,161,601 = 4,294,967,297

Prime salembeka pawiri chonchi, kotero mzere umodzi wokhawu ndi umboni wokwanira wakuti F5 si prime. Ungathenso kubwerera m'mbuyo n'kutulutsa 641. 65,536 kuchotsa 62,264 ndi 3,272, ndipo 20,449 kuchotsa 1 ndi 20,448. Yaikulu yogawa zonsezi ndi 8. Ukawonkhetsa m'malo mochotsera umapeza 127,800 ndi 20,450, yaikulu yozigawa ndi 50. Theka la 8 ndi 4, theka la 50 ndi 25, ndipo 16 + 625 ndi 641. Ndakhala nthawi yaitali pa gawoli kuposa momwe ndinakonzera, ndipo ndalisiya lonse osadula.

Njira ya Fermat yogawira nambala, yofufuza masikweya awiri ochotserana, pano siithandiza. Imafulumira ma prime awiri akakhala oyandikana, koma awa ndi otalikirana kwambiri. Yankho lake ndi 3,350,529^2 − 3,349,888^2, ndipo kuchokera pa 65,537 ungayese koposa mamiliyoni atatu usanafikepo. Mzere umodzi ukwanira.

Lachisanu

Gawo lomaliza la tsamba loyamba ndi la zojambula za mbali zofanana ndi makona ofanana, zojambulidwa ndi rula yopanda manambala ndi kampasi basi. Carl Friedrich Gauss anapeza mu 1796, asanakwanitse zaka 19, kuti cha mbali 17 chimajambulika, ndipo Pierre Wantzel anamaliza umboni wa lamulo lonse mu 1837. Lamuloli linganenedwe ndi phi uja: chojambula cha mbali n chimatheka pokhapokha phi ya n ikapangidwa ndi ma 2 okhaokha. Pa 4,294,967,295, mnansi wa nambala yathu, phi ndi 2 × 4 × 16 × 256 × 65,536, yomwe ndi 2^31, ndiye chimatheka. Pa ziwerengero zosagawika ndi 2 zomwe zimadziwika kuti n'zotheka, zomwe zilipo 31, ichi ndiye chachikulu. Pa 4,294,967,297 phi ili ndi 640 m'kati, ndipo 640 ali ndi 5, choncho sichitheka. Fermat akanakhala kuti ananena zoona chikanatheka. Nambala ziwiri zosiyana ndi 2 yekha, pakati pake pali 4,294,967,296, chiwerengero cha maadiresi onse a IPv4 pa intaneti.

Ndawonjezerapo kuti Friedrich Julius Richelot anafotokoza kajambulidwe ka mbali 257 mu 1832, ndipo Johann Gustav Hermes anatha zaka pafupifupi khumi pa cha mbali 65,537, chomwe anachilengeza mu 1894. Mapepala ake amasungidwa ku Göttingen, ku Germany.

Zomwe zatsala: kulemba bwino matebulo, kupeza munthu woti awerengere mizere yonse payekha osaona mayankho anga, ndi kuganiza za tsamba lachiwiri. Ndikufuna likhale la F6, yomwe ndi 2^64 + 1, yofanana ndi 274,177 × 67,280,421,310,721, monga Fortuné Landry analengezera mu 1880. Choyambacho ndi 256 × 1,071 + 1, ndipo kutsimikiza pamanja kuti chimagawa F6 n'kuchulukitsa kasanu n'kamodzi, zomwe n'zotheka. Vuto ndi chachiwiricho. Kuti usonyeze kuti ndi prime ndi njira ya Loweruka lija uyenera kufufuza mpaka kupitirira 8 miliyoni, ndipo oyesedwa a mtundu wa 256k + 1 amaposa 32,000. Pamenepo kope ndi cholembera sizikwananso. Ndiyamba ndi kugawa 67,280,421,310,720, nambala yocheperapo ndi 1, kuti ndione ngati umboni wodalira ma prime ake ungakwane pa tsamba limodzi.